Chija munakonza chija chayambanso: kufufuza pomwe ntchito yolemba mapulogalamu ikuonongekera

"Achimwene, chija munakonza chija chayambanso." Uthenga wotere ukalowa pa WhatsApp Lolemba m'mawa, aliyense wolemba mapulogalamu mu Blantyre muno amadziwa kuti sabata yayamba moipa. Kaya ndi pulogalamu ya fizi ya sukulu, ya SACCO, ya sitolo ya hoselo ku Limbe kapena ya kachipatala, nkhani yake imafanana. Bug, ndiye kuti cholakwika mu pulogalamu, inapezeka, wina anaikonza, kasitomala anathokoza, ndiye patapita masabata angapo yatulukiranso pomwe paja. Mu ofesi mumayamba kulozana zala. Abwana amati anyamatawa ndi osasamala, anyamatawo amati kasitomala ndi wosinthasintha, mapeto ake wina amachezera pa laputopu usiku wonse kukonza chomwe chinakonzedwa kale.

Bug ikabwera kamodzi, kungakhale kuphonya kwa munthu. Ikabweranso, vuto silili pa munthuyo, lili m'njira yomwe ntchito imadutsa kuchoka pa pempho la kasitomala kukafika pa seva, kompyuta yomwe pulogalamuyo imayendera. Watts Humphrey, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ku IBM asanapite ku Software Engineering Institute ya pa Carnegie Mellon University ku Pittsburgh, anaima nji pa mfundo imeneyi: ubwino wa pulogalamu umadalira kwambiri ubwino wa njira yomwe anthu anatsata poipanga. Kafukufuku wambiri wokonza ndi kuyeza kagwiridwe ka ntchito yathuyi anaphukira pamenepo. Zambiri mwa zimenezo anazilembera makampani akuluakulu, koma mafunso ake amagwira ntchito ngakhale pa kagulu ka anthu anayi kochita lendi kachipinda ku Ginnery Corner. Mafunsowo muwafunse motsatana, chifukwa loyamba ndi losavuta kuyankha ndipo nthawi zambiri yankho limakhala pomwepo.

Kukonza koyamba kuja kunakathera kuti?

Musanayambe kufufuza code, malemba omwe amapanga pulogalamuyo, pezani kaye komwe kukonza kuja kunasungidwa. Zimachitika motere. Ndi Lachisanu cha m'ma 5 koloko madzulo, kasitomala akuimba kuti malisiti sakutuluka ndipo anthu ali pamzere. Wolemba pulogalamu alowa pa seva kudzera pa SSH kapena pa File Manager ya cPanel, zida zolowera pa seva uli kutali, atsegula fayilo, asintha mizere iwiri, malisiti ayamba kutuluka. Atseka laputopu n'kuthamangira minibasi ya ku Chilomoni kusanade. Mizere iwiri ija ili pa seva pokha, mu Git, chida chosungira code ndi mbiri ya zosintha zake, mulibe. Lachitatu mnzake amaliza ntchito ina pa laputopu yake, aikweza pa seva, fayilo yakale n'kufufuta yokonzedwa ija. Palibe amene walemba bug yatsopano apa. Yakale ija yangobwezeredwa pamalo pake.

Kuti mudziwe ngati zili choncho, lowani pa seva mulembe git status kenako git diff, malamulo oonetsa zomwe zasinthidwa koma sizinasungidwe mu Git. Ngati pa sevapo palibe Git, koperani mafayilo onse a pamenepo muwafanizire ndi omwe ali mu repository, nkhokwe ya code yanu ya mu Git. Kusiyana kulikonse komwe mupeze ndi bug yomwe ikudikira tsiku lake. Onaninso database, momwe pulogalamuyo imasungira mayina, malipiro ndi zina zotero, chifukwa column (mzati) yomwe wina anawonjezera pamanja pa phpMyAdmin popanda kulemba migration, fayilo yolembamo kusintha kwa database, idzasowa tsiku lomwe mudzasamukire pa seva ina.

Mukapeza kuti kukonzako kuli mu Git ndithu, funsani kuti kuli pa branch iti, ndiye kuti nthambi iti ya code. Lamulo la git branch --contains limodzi ndi nambala ya commit, kusintha komwe kunasungidwa mu Git, lidzakuuzani ngati kunalowa mu main, nthambi yaikulu, kapena kunatsalira pa branch yomwe aliyense anaiiwala. Palinso chizolowezi china chofala kwathu kuno: pulogalamu imodzi mwaigulitsa ku masukulu atatu, ndipo sukulu iliyonse ili ndi kope lakelake mu foda yake. Mwakonza ya ku Namiwawa, ya ku Bangwe ndi ya ku Chirimba zikadali ndi bug ija. Kwa inu zikuoneka ngati yabweranso, chonsecho kumeneko sinachokeko n'komwe.

Mankhwala ake ndi amodzi pa zonsezi. Pakhale njira imodzi yokha yofikitsira code pa seva, ndipo njirayo iyambire mu Git. Kaya ndi script, kapulogalamu kakang'ono, yomwe imakoka main n'kuyendetsa ma migration, kaya ndi zida zochita zimenezi zokha monga GitHub Actions kapena GitLab CI, chofunika n'chakuti munthu asamasinthe fayilo pa seva ndi manja. Ngakhale pangozi, kupanga commit kaye kumatenga mphindi zochepa chabe. Makope atatu aja asanduke code imodzi, ndipo zosiyana za sukulu iliyonse monga dzina, logo ndi mitengo zikhale mu fayilo ya config. Ndikudziwa kuti kuphatikiza makope omwe anapatukana kalekale ndi ntchito yowawa yomwe kasitomala salipira. Koma kusaichita kumakudyerani Loweruka ndi Lamulungu mwezi ndi mwezi.

Chikanaigwira n'chiyani isanafike kwa kasitomala?

Ngati kukonzako kunafika ponseponse koma bug yabwerabe, ndiye kuti wina anasintha code pafupi ndi pomwe paja n'kuphwanya kukonzako osadziwa. Apa funso ndi lakuti: pali test, kapulogalamu koyesa code yanu, yomwe imalephera bug imeneyi ikabwerera? Nthawi zambiri palibe. Wokonzayo anayesa pamanja, anaona kuti zikuyenda, basi. Zomwe anaphunzira tsiku limenelo zinatsala m'mutu mwake.

Tengani chitsanzo cha malipiro a pafoni. Kholo lalipira fizi pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo makina omwe mumalandirira ndalama atumiza uthenga ku seva yanu kuti ndalama yalowa. Seva yanu yalemba malipirowo, koma yachedwa kuyankha chifukwa netiweki ikukokakoka. Makina otere ambiri anapangidwa kuti akapanda kumva yankho azitumizanso uthengawo, ndipo akuchita bwino kutero. Pulogalamu yanu ikalandira kachiwiri n'kulembanso, mwana aoneka ngati walipira kawiri, ndipo abursar adzazindikira kumapeto kwa mwezi mabuku akakana kugwirizana ndi sitetimenti. Kufufuta mzere wowonjezerawo mu database si kukonza. Kukonza ndi kuika lamulo mu database kuti nambala ya transaction isalowe kawiri, kenako kulemba test yomwe imatumiza uthenga womwewo kawiri n'kuwerenga kuti malipiro alembedwa kamodzi. Test imeneyi muilembe musanakonze, muione ikulephera, ndiye mukonze mpaka ikhoze. Mukailemba mutakonza kale simungadziwe ngati ikuyesadi chinthu cholondola.

China chomwe chimabwera mwezi uliwonse ndi nthawi. Malawi ali patsogolo ndi maola awiri pa UTC, nthawi yomwe dziko lonse lapansi limayezerapo, ndipo maseva ambiri akunja amayendera UTC. Malipiro omwe alowa pakati pa 12 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha amalembedwa ngati a dzulo lake. Masiku ena palibe amene amaona, koma pa 1 mwezi watsopano ndalama imeneyo imagwera mu lipoti la mwezi watha. Wina amakonza lipoti limodzi powonjezera maola awiri, lipoti lina n'kutsala, ndipo mwezi wamawa foni ija iliranso. Sungani nthawi yonse mu UTC, muziisinthira ku nthawi ya Malawi (Africa/Blantyre) pamalo amodzi okha mu code, ndipo mulembe test ya malipiro a 1 koloko usiku pa tsiku loyamba la mwezi.

Simukufunika kuyamba ndi ma test mazana. Yambani ndi lamulo lakuti bug iliyonse yomwe yafika kwa kasitomala isatsekedwe popanda test yake, ndipo ma test onse aziyenda okha code isanapite pa seva.

Ndani wina anaiona code imeneyo?

Mu 1976 Michael Fagan wa ku IBM anafalitsa njira yoti anthu ena aziunika code ya mnzawo mwadongosolo isanayesedwe, ndipo kuyambira pamenepo kafukufuku wakhala akuonetsa kuti kuunika kotere kumagwira zolakwika zambiri zikadali zotchipa kukonza. Kafukufuku yemwe kampani ya SmartBear inachita ku kampani ya Cisco n'kutulutsa mu 2006 anawonjezera mfundo yothandiza kwambiri: wounika amagwira bwino zolakwika akamaona mizere yosapitirira 200 mpaka 400 nthawi imodzi, ndipo akapitirira ola limodzi kapena ola ndi theka maso amayamba kungodutsa. Choncho ngati mumati mumaunikirana koma pull request iliyonse, code yoperekedwa kuti iunikidwe, imakhala ya mizere zikwi ya ntchito ya masabata awiri, wounikayo akungodina batani lovomereza. Dulani ntchito m'zidutswa zoti munthu aziwerenga asanamalize kapu ya tiyi.

Kwathu kuno pali chopinga china chomwe mabuku akunja satchula. Wachinyamata yemwe wangomaliza kumene ku MUBAS sangauze mkulu wake mosavuta kuti, "Abwana, apa mwaphonya." Amangovomereza mwaulemu. Mkuluyo ndiye ayenera kutsegula khomo: azipereka code yake kuti iunikidwe monga ya wina aliyense, ndipo azifunsa funso lenileni, monga "Taonani pa mzere uwu, uthengawu ukabwera kawiri chichitike n'chiyani?" Funso lotere limamupatsa mwana mpata wolankhula popanda kuoneka wamwano.

Mwina si bug n'komwe

Nthawi zina chomwe kasitomala akuti chayambanso ndi chinthu chomwe simunagwirizanepo bwinobwino. Pempho linabwera pa voice note ya mphindi zitatu, mayi akulankhula ali m'galimoto pa Masauko Chipembere Highway, ndipo amene anaimvera anamva zake. Akauntanti wa kampani yomweyo anaimba tsiku lina n'kupempha zosemphana. Mukakonzera mmodzi mwaonongera winayo, ndipo ntchito imangopita uku ndi uku.

Muyezo wa ISO/IEC 29110, womwe unayamba kutuluka mu 2011, anaulembera dala magulu ang'onoang'ono a anthu osapitirira 25. Gawo lake loyambira lili ndi njira ziwiri zokha, yoyendetsera polojekiti ndi yopangira pulogalamuyo, ndipo zina mwa zomwe limafuna ndi zakuti zofuna za kasitomala zilembedwe n'kuvomerezedwa, komanso kusintha kulikonse kukhale ndi pempho lolembedwa. Simukusowa satifiketi kuti muchite zimenezi. Voice note ikafika, ilembeni m'mizere itatu kapena inayi, muibweze: "Mayi, tamva kuti mukufuna kuchotsera kwa ana a banja limodzi kuziyambira pa mwana wachitatu, ndipo kusakhudze ndalama ya mayeso. Tikatero tikhala talondola?" Akavomera, uthengawo muusunge pa tikiti, pomwe mumalemba ndi kutsatira ntchitoyo. Mugwirizanenso kuti ndi munthu uti kwa kasitomala amene mawu ake ndi omaliza.

Kuyeza: muyambe ndi funso, nambala zibwere pambuyo

Mukakonza izi mudzafuna kudziwa ngati zinthu zikusinthadi, ndipo apa ndi pomwe magulu ambiri amasochera. Amayamba kuwerenga chilichonse chowerengeka: mizere ya code, ma commit a munthu aliyense, maola okhala pa mpando. Victor Basili ndi David Weiss, pogwiritsa ntchito zomwe anaphunzira pa mapulogalamu a NASA ku Goddard, anafotokoza mu 1984 njira yomwe inadzatchuka ndi dzina lakuti GQM. Imati yambani ndi cholinga, cholingacho chibale mafunso, ndipo nambala muzitole zokhazo zoyankha mafunsowo. Cholinga chanu chikakhala kuchepetsa ma bug obwereranso, funso ndi lakuti mwa ma bug omwe kasitomala watiuza mwezi uno, ndi angati omwe tinawakonzapo kale, ndipo anabwerera kudzera pa khomo liti mwa makomo tafotokozawa. Spreadsheet ya mizati isanu ikukwanira: tsiku, bug, kasitomala, yatsopano kapena yobwerera, chifukwa chake. Pakatha miyezi iwiri mzati womalizawo udzakuuzani pomwe muyenera kuika mphamvu, ndipo kawirikawiri chifukwa chimodzi chimaposa zinzake kutali.

Kuti muone thanzi la njira yonse, gulu lofufuza la DORA, lomwe ntchito yake Nicole Forsgren, Jez Humble ndi Gene Kim anaifotokoza m'buku la Accelerate mu 2018, linatchukitsa miyezo inayi. Mumakweza code pa seva kangati? Pamatenga nthawi yaitali bwanji kuchoka pa commit kufika pomwe kasitomala akuigwiritsa ntchito? Mwa maulendo omwe mwakweza, ndi angati omwe anaononga china? Chikaonongeka, mumatenga nthawi yaitali bwanji kuti zinthu zibwerere mwakale? Chomwe anapeza chimatsutsa zomwe ambiri timaganiza. Magulu omwe amakweza pafupipafupi tizidutswa ting'onoting'ono ndi omwenso amaononga mochepa ndi kuchira msanga. Ife tikaotchedwa kamodzi timayamba kuopa, timasonkhanitsa zosintha za mwezi wathunthu n'kukweza zonse tsiku limodzi, ndipo china chikaphulika sitidziwa kuti mwa zosintha makumi atatuzo chaphulitsa ndi chiti.

Mukaona kuti nthawi yochoka pa pempho kufika pa seva ndi yaitali, musathamangire kunena kuti anthu akuchedwa kulemba. Tsatirani tikiti imodzi tsiku ndi tsiku, mudzapeza kuti masiku ambiri inangokhala: ikudikira wounika, ikudikira yankho la kasitomala, ikudikira munthu yekhayo amene ali ndi password ya seva. Zili ngati ku chigayo cha ku Ndirande madzulo a Loweruka: kugaya thumba lanu n'kwa mphindi zochepa, koma mumaweruka mochedwa chifukwa cha matumba omwe ali patsogolo panu. John Little anatsimikizira masamu ake mu 1961. Nthawi yomwe ntchito imakhala m'njira ndi kuchuluka kwa ntchito zoyambidwa kugawa ndi liwiro lomwe mumamalizira. Tiyerekeze kuti muli ndi ntchito 12 zoyambidwa ndipo mumamaliza 3 pa sabata: iliyonse izitenga pafupifupi masabata 4. Mukadziletsa kuti zoyambidwa zisapitirire 6, liwiro likhale lomwelo, nthawiyo itsika kufika masabata 2 popanda wina kugona mu ofesi. Kulemba anthu ena ntchito pakati pa polojekiti yochedwa sikuthandiza msanga. Fred Brooks anachenjeza za izi mu 1975: atsopanowo amafuna kuphunzitsidwa ndi omwe atanganidwa kale, ndipo anthu 4 ali ndi njira 6 zolankhulirana pomwe anthu 8 ali nazo 28.

Chenjezo limodzi ndilinene mwamphamvu kwa eni makampani. Nambala zimenezi ndi zoyezera njira, si zokwapulira anthu. Katswiri wa zachuma Charles Goodhart anaona kale mu 1975 kuti muyezo ukasanduka chinthu chokakamizira anthu umasiya kunena zoona. Mukayamba kudula malipiro potengera ma bug a munthu, ma bug sadzachepa, adzangosiya kulembedwa, ndipo anthu adzabwerera kukonza mobisa pa seva Lachisanu madzulo.

Za magetsi ndi ndalama zakunja

Pali zina zomwe si zolakwa za njira yanu, koma njira yabwino imaziyembekezera. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mzinda uno unakhala nthawi yaitali magetsi akuthimathima. Gulu lomwe seva yake yoyeserera ndi kompyuta yakale ya pansi pa tebulo, kapena lomwe code ya sabata yathunthu imakhala pa laputopu imodzi yosakwezedwa ku repository, limaima magetsi akangothima, ndipo likafuna kubweza nthawi limadumpha ma test. Aliyense azikweza ntchito yake tsiku lililonse asanaweruke, ngakhale isanathe. Mbali inayi, zida zambiri za pa intaneti zimalipiridwa m'madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mabilu amenewa analemera kwambiri. Musamange njira yanu pa chida chomwe mudzachisiye mukasowa forex. Git, script yokwezera code ndi spreadsheet sizifuna dola.

Nanga CMMI?

Funso ili limabwera makamaka gulu likayamba kusaka matenda akuluakulu kapena ntchito za makampani akunja. CMM, njira yoyezera kukhwima kwa kagwiridwe ka ntchito ka kampani yolemba mapulogalamu, inatuluka ku Software Engineering Institute mu 1991, poyamba pofuna kuthandiza unduna wa zachitetezo wa America kuyeza makampani omwe unkawapatsa ntchito, ndipo pambuyo pake inakula n'kukhala CMMI. Ili ndi masitepe asanu. Pa yoyamba ntchito imayenda chifukwa cha khama la anthu ochepa ndipo zotsatira zake sizidziwikiratu. Pa yachiwiri polojekiti iliyonse imakonzedwa ndi kutsatiridwa, pa yachitatu kampani yonse imatsata njira yolembedwa, pa yachinayi njirayo imayendetsedwa ndi nambala, ndipo pa yachisanu imakonzedwa mosalekeza. Palinso njira ina yoyezera, ISO/IEC 15504, yodziwika kuti SPICE, yomwe inalowedwa m'malo ndi mndandanda wa ISO/IEC 33000 ndipo imayeza njira iliyonse payokha.

Maganizo anga ndi awa. Ngati tenda yomwe mukuifuna yalemba kuti pakufunika kuyezedwa kotere, werengerani mtengo wake monga mumachitira ndi chofunika china chilichonse cha tendayo. Koma ngati vuto lanu ndi uthenga wa Lolemba m'mawa, woyeza wochokera kunja sadzakuuzani chomwe git diff ya pa seva singakuuzeni lero. Kagulu kakang'ono kakathamangira mapepala kasanakonze chizolowezi, kamatsala ndi mafomu odzazidwa usiku woti mawa kubwera woyeza, ntchito yeniyeni ikuyenda mwakale. Chomwe mungatengepo pa CMMI popanda kulipira ndi dongosolo lake lakuti sitepe sidumphidwa: kusunga bwino code ndi kulemba zofuna za kasitomala zili pa sitepe yachiwiri, kuyendetsa ntchito ndi masamu kuli pa yachinayi.

Pakatha masabata asanu ndi limodzi

Sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi, apo ayi simudzadziwa chomwe chathandiza. Sankhani chifukwa chomwe chachuluka mu spreadsheet ija, mugwirizane lamulo limodzi lochitsekera, mulilembe pamalo poti aliyense azilipeza. Masabata awiri alionse khalani pansi kwa theka la ola, mutenge bug imodzi yomwe yabwerera, mufunse kuti "chifukwa chiyani" mobwerezabwereza monga ankachitira Taiichi Ohno ku Toyota, mpaka yankho lichoke pa dzina la munthu lifike pa chinthu choti mungachisinthe. "Uje anaiwala" si yankho lomaliza. Funsaninso kuti n'chifukwa chiyani zinali zotheka kukweza code munthu ataiwala.

Pakatha masabata asanu ndi limodzi yang'anani nambala. Zikatsika, lamulolo likhale ndipo mutenge chifukwa chachiwiri. Zikapanda kusintha, musalitaye msanga: onani kaye ngati likutsatidwadi, makamaka masiku a phuma monga kumapeto kwa mwezi ndi sabata yotsegulira sukulu. Mukapeza kuti limatsatidwa masiku abata okha, ndiye kuti njira yolondola ndi yovuta kuposa yachidule, ndipo ntchito yanu yotsatira ndi kufupikitsa script yokwezera code mpaka ikhale yachangu kuposa kutsegula cPanel. Nambala ya ma bug ikakwera m'masabata oyamba musadandaule, chifukwa kawirikawiri zimatanthauza kuti omwe kale ankathera pa foni ndi pa WhatsApp ayamba kulembedwa.